Sabata Yodikira Kuti Mwera Utope

Lolemba

Zoyenera kutsimikizika tisananyamuke Lachisanu:
1. Nyengo.
2. Majaketi oyandamitsa munthu pamadzi, atatu.
3. Tenti.
4. Mankhwala oletsa kusanza.
5. Nyengo, kachiwiri.

Ulendo ndi wa kuchilumba, kwawo kwa mayi a Tiwonge. Zaka khumi ndi chimodzi m'banja, ine sindinapondeko. Apongozi anandiona kamodzi kokha, tsiku la ukwati. Chaka chatha kunali msonkhano wa ku ofesi. Chaka chinacho chimfine.

Lero mayi a Tiwonge akunena chapansipansi, uku akusita: "Mukalepheranso, ine ndipita ndi mwana, ndipo tsiku lobwerera ndikaliganizira komweko." Akatsitsa mawu choncho sakhala akuseka.

Koma ulendo uno ndakonzeka! Julaye ndamusankha dala, mvula kulibe. Ndondomeko ndasindikiza ku ofesi ku City Centre, masamba atatu: kusambira, mpira wamanja pamchenga, kuwedza, kuwotcha nsomba, kugona m'tenti, kupereka moni kwa apongozi. Chilichonse ndi nthawi yake.

Lachiwiri

Ndikutumiza ndondomeko kwa alamu anga a Yakobe, asodzi a komweko. Akuyankha ndi uthenga wamawu. Kumbuyo kwawo kukumveka ngati lole ikudutsa osatha.

"Alamu, Julaye? Mwera uli pakatikati."

Ndikuwafotokozera kuti ndafufuza, mvula kulibe.

"Mvula ndi nkhani ya inu olima chimanga. Kuno timafunsa mphepo."

Nanga utha liti? "Ukatopa."

Ukatopa si tsiku! Pakalendala palibe!

Mpira wamanja wachoka. Akuti mpira womaliza umene anthu anaseweretsa pamchengapo uli ku Mozambique.

Masana ku Old Town, pakaunjika. Majaketi atatu apezeka, imodzi zipi yake ndi yofa. Wogulitsa: "Bwana, iyi ngakhale ng'ombe siyingamire." Ndikumufunsa ngati anayesapo. Akutembenukira kasitomala wina.

Lachitatu

Tenti ndabwereka kwa abwana ku Area 43. Ndi yaikulu kuposa mmene ndimaganizira, yobiriwira, zitsulo zake thumba lathunthu. Munthu wanzeru sayesera chinthu pamaso pa apongozi, choncho ndikuyikhoma kaye pabwalo pathu pano ku Area 15, kutsogolo kwa nyumba, geti lili lotsegula kuti zingwe zikwane. Mayi a Tiwonge ali kuntchito. Ndikuyikamo mipando inayi kuti ndione kukula kwake.

Ndikulowa m'nyumba kukamwa madzi. Potuluka, m'tenti muli azimayi atatu oyandikana nafe, atavala zitenje ndi mipango, akhala pansi mitu ili chowerama. Wachinayi akulowa pageti ndi mtolo wa nkhuni. Wina wayamba kale nyimbo, motsitsa.

Mayi Nachisale a nyumba yachiwiri akundigwira dzanja ndi manja awiri. "Pepani bambo. Zachitika nthawi yanji?"

Ndikufotokoza. Ndikufotokozanso. Ndikutulutsa ndondomeko, tsamba lachiwiri. Nyimbo yaima pakati.

"Tenti pakhomo popanda maliro? Mukuyitana chiyani, bambo a Tiwonge?"

Nkhuni abwerera nazo. Mayi a Tiwonge afika foni ili kukhutu, akuuza azakhali awo a ku Mzuzu kuti ayi, tonse tili moyo. Akumaliza, akundiyang'ana: "Ndiye mukaikhome pakhomo pa amayi, anthu a chilumba chonse abwere?"

Tenti yachoka.

Lachinayi

Zotsala pandondomeko: kusambira, kuwedza, kuwotcha nsomba, moni.

Wailesi ikuchenjeza asodzi za Mwera. Ndamva katatu, mawu ake ndi omwewo.

A Yakobe akuti mabwato onse ali kumtunda, makoka akusokedwa. Kuwedza kwachoka. Nanga nsomba yowotcha? "Ife tikudya nyemba, alamu." Nyemba! Tsiku lonse m'basi, lina pamadzi, kukadya nyemba zimene zili mbwee mumsika wa Old Town!

Kusambira: akuti mafunde akufika pamene amayanika usipa, ndipo mchenga ukulasa miyendo ngati singano. Kwachoka.

Ndikuwapempha, mwaulemu, kuti afunse mwini boti atsimikize polemba kuti Loweruka tidzafika bwino. Akuseka mpaka kutsokomola. "Boti limafika, alamu. Anthu ake ndi amene amafika atasintha mtundu."

Ndagula mankhwala oletsa kusanza, mapaketi awiri. Ndawerenga kapepala ka m'kati. Ndikanadziwa, sindikanawerenga.

Pamasamba atatu patsala mzere umodzi: kupereka moni kwa apongozi. Ndikuwaonetsa mayi a Tiwonge kuti aone mmene zinthu zagwera. Iwo: "Umenewo ndiye ulendo wonse. Zinazo munawonjezera nokha."

Lachisanu

Kudepoti ku Old Town m'mawa. Katundu wakwera: shuga, sopo, chitenje cha apongozi, majaketi. Ndakhala pampando, chikwama pamiyendo. Basi ikudikira kudzaza.

Foni. A Yakobe atumiza kanema "kuti muzolowere". Funde likumenya thanthwe, madzi akukwera kupitirira mtengo. Ndikuonera kanayi. 

Ndikupereka maganizo: bwanji tisunthe ulendo ndi masiku ochepa, tione kaye? Mayi a Tiwonge akuyang'ana pawindo.

Ndikuimirira. "Tsogolani. Ine ndibwera mphepo ikangotsika."

Tiwonge, mokweza, basi yonse ikumva: "Adadi, mukuopa madzi?"

Sindikuopa. Ndikuunika.

Mayi a Tiwonge akungotenga buledi amene ndinanyamula, akuika chikwama chawo pampando wanga. Kondakitala akuitana munthu wina. Mpando wadzaza msanga kwambiri, zandikhudza.

Loweruka

Ndabweza tenti. Abwana amva kale nkhani ya Lachitatu. Akundipatsa pepani pageti, nkhope ili yachisoni, mapewa akugwedezeka.

Kunyumba zii. Ndakonza m'kabati ya mbale. Ndapukuta nsapato zonse, ndi za Tiwonge zomwe. Foni ndikuyang'ana mphindi zisanu zilizonse. Mwina boti latembenuka. Mwina netiweki chabe. Mwina zonse.

Masana chithunzi chafika. Nyanja yagona, yosalala ngati tebulo la mu ofesi. Tiwonge ali m'madzi mpaka m'khosi, akuseka, wopanda jaketi! Kumbuyo bwato likutuluka.

A Yakobe: "Unatopa m'mawa, alamu. Si tinakuuzani?"

Anandiuzadi. Koma sananene tsiku.

Kwa mayi a Tiwonge, palibe ngakhale liwu limodzi.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala ndekha. Mayi Nachisale akufunsa kuti amayi ali kuti. Ndikuti ali kwawo. "Apita okha?" Akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Pofika madzulo Area 15 yonse idzakhala ikudziwa kuti ndathawidwa.

Uthenga wa apongozi wabwera kudzera mwa a Yakobe, popeza iwo sangalankhule ndi mkamwini mwachindunji. Akuti anapha nkhuku yolandirira ine. Yadyedwa. Nthutumba, imene inali yanga, adya a Yakobe, ndipo akuti inali yabwino. Akuti nkhuku ina ilipo, koma nayo ikukalamba.

Ndafunsa ngati mayi a Tiwonge anenapo za tsiku lobwerera. "Ayi alamu. Koma afunsa ngati sukulu ya pano ili ndi malo."

Akuseka kapena ayi? Pa uthenga wamawu munthu suona nkhope.

Boti lina likuchoka Lachitatu. Akuti Mwera ukhoza kudzukanso mawa, kapena mkuja, kapena ayi. Basi. Udzuke. Ndalongedza kachikwama kamodzi: malaya awiri, mswachi, mankhwala aja. Sindinasindikize kalikonse.

Ndalembera mayi a Tiwonge kuti ndikubwera Lachitatu, kaya kuli mphepo kaya kulibe, ngati akundilola. Uthenga wawerengedwa. Papita maola atatu.

Mayi a Tiwonge, chonde yankhani msanga, wailesi isanawerengenso zanyengo.