Mawaya Awiri a Pulayala

Nzeru yoba boti inabadwira pa tebulo la kuseri kwa bala, dzuwa likuswa mtengo, mabotolo atafola kale ngati asilikali. Mwini nzeruyo anali Kaputeni, munthu woti sanakwerepo ngakhale bwato, koma dzinalo linamukakamira chifukwa cha chipewa choyera chimene anagula pa kaunjika.

"Dilu iyi ndi yophweka ngati kumwa madzi," anatero Kaputeni. "Bwana uja wa boti la injini ziwiri wagula mawotchi atsopano, aja osonyeza mmene injini ikuthamangira. Makaniko wake ndamuimbira kale kuti ntchito yaimitsidwa. Ife tikavala maovolosi, Pulayala akalumikiza mawaya, kenako tikauza mlonda kuti tikukayesa pamadzi. Basi! Tsidya linalo wogula akudikira."

Chimutu, amene ntchito yake pa dilu iliyonse inali kunyamula katundu ndi kuvomereza, anavomereza.

Pulayala yekha ndiye anakayika. Iyeyu anaphunziradi zamagetsi, asanazindikire kuti mawaya a eni amagulitsika. Atatuluka kundende kachiwiri, mkazi wake anamuuza mosapsatira mawu kuti akadzalowanso, podzatuluka adzapeza nyumba yokha. Ndipo Pulayala ankamukonda mkaziyo zenizeni, osati zachibwana. N'chifukwa chake usiku umenewo anamunamiza kuti wapeza ntchito yabwinobwino kudoko. Mayi wa eni anasangalala, nachapa ovolosi, mpaka kuisita ngati suti ya ukwati.

M'mawa mwake mlonda anawatsegulira geti, koma anaima pambali pa boti, maso ali tong'o. Panalibe kuchitira mwina, ntchito inayenera kugwiridwa ndithu. Pulayala analowa pansi pa chiwongolero, nagona chagada atayang'ana kumbuyo kwa boti. Kunena zoona, manja ake anaikumbuka ntchito. Anasenda mawaya mwaluso, namanga ndi tepi mosamala, mtima uli phee. Panatsala mawaya awiri okha, wochokera ku injini ya kumanzere ndi wochokera ku ya kumanja, pamene anamva mawu amene akanawazindikira ngakhale ali m'manda.

"Amayi, ndi boti ilo! Mapazi akuonekawo ndi a bambo a kunyumba!"

Mkazi wake anali atabwera ndi apongozi, kuti adzaone okha kuti mkamwini wawo wasintha. Pulayala anamangirira mawaya awiri aja mwaphuma, osakumbuka kuti munthu ukatembenukira kumbuyo, kumanzere kwa boti kumakhala kumanja kwako. Wotchi ya kumanzere inalandira waya wa injini ya kumanja, inzakeyo chimodzimodzi.

"Tikukayesa kaye, madala," Kaputeni anauza mlonda, nakonza chipewa.

Injini zinalira, boti linasiya doko, apongozi anakweza dzanja. Kaputeni anagwira ndodo ziwiri zowonjezerera moto, imodzi ya injini iliyonse, chiwongolero n'kumusiyira Chimutu.

"Shasha amayendetsa ndi mawotchi, osati ndi makutu," anatero Kaputeni. "Taonani, muvi wa kumanzerewu watsalira pang'ono."

Anakankha ndodo ya kumanzere. Muvi wa kumanja unalumpha.

"Iwe, ya kumanjayi yapenga!" Anabweza ndodo ya kumanja. Muvi wa kumanzere unagweratu pansi. Kaputeni anapsa mtima, nakankha ya kumanzere mpaka pamapeto. Tsopano injini imodzi inkabangula, inzake ikungosinza, ndipo boti linayamba kuzungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake. Chimutu anakumbatira chiwongolero atatsinzina, n'kuyamba kusanza zonse za dzulo.

Atadutsa pa doko koyamba, apongozi anawomba m'manja. Kachiwiri, anafunsa mlonda ngati kuyesa boti kumatero. Kachitatu, pa doko panali pataima bwana mwini wake, pamodzi ndi makaniko weniweni amene anabwera kudzafunsa chifukwa chimene anamuimitsira ntchito. Bwanayo anali kale pa foni, kuitana apolisi.

"Mfana, mawotchi akowa akunama!" anakuwa Kaputeni.

"Mawaya anga alibe vuto, bigi!" anayankha Pulayala.

Chonsecho anali atadziwa kale pamene panalakwika. Mawu ochepa chabe akanawapulumutsa, kungomuuza Kaputeni kuti asiye kuyang'ana mawotchiwo. Koma mbala imene imanama tsiku ndi tsiku osaphethira inalephera kuvomera kuti yasemphanitsa mawaya, mkazi wake akuonerera. Anaganiza zokonza mwakachetechete. Anakwawira pansi pa chiwongolero, boti likumuponya uku ndi uku, nagwira waya amene ankamuyesa wolakwika, n'kukoka ndi mphamvu zonse.

Injini zonse ziwiri zinati zii.

Kamphepo kanachita zotsalazo. Kanakankha botilo pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu, mpaka linagunda matayala a pa doko, pamapazi penipeni pa apolisi awiri. Kaputeni anayesa kufotokoza kuti kuzungulira ndi njira yamakono yoyesera injini, koma wapolisi anamuvula chipewa asanamalize. Chimutu anawathokoza apolisiwo ndi misozi pomutsitsira pamtunda.

Makaniko anasuzumira pansi pa chiwongolero, napukusa mutu. "Ntchito yaukhondo bwanji! Mukanangosinthanitsa awiriwa, bwenzi pano muli tsidya."

Pulayala sanamve n'komwe, maso ake anali pa mkazi wake. Mantha amene anamugwira sanali a ndende.

"Mwanawe, tiye kwathu," anatero apongozi. "Mwamuna wakoyu ntchito yamukanika, kuba kwamukanika, ngakhale kuthawa kumene akuchita kubwerera."

Mkaziyo sanalire, sanakalipe. Anapempha wapolisi kuti adikire pang'ono. Pulayala mtima unadumpha, poganiza kuti mwina chifundo chabwera. Mayiyo anayandikira, napisa dzanja m'thumba la mwamuna wake, n'kutulutsa kiyi wa kunyumba.

"Uyu ndikamusiya kwa aneba ndikatha kulongedza," anatero. "Mudzamupeza."