Duwa la ku Zomba pa mchenga wa Phalula

Lolemba
Mwana wanga Asiyatu wabwera ndi chitsinde cha duwa kuchokera kwa apongozi ake ku Zomba. Akuti limafuna mthunzi, chinyezi ndi dothi lakuda. Ine ndili ndi dzuwa, mchenga ndi mbuzi. Koma asebele akubwera Lamulungu, omwe aja ananena paukwati kuti ku Phalula kumamera miyala ndi malambe basi. Adzalipeza lili chilili. Ndalumbira!

Lachiwiri
Ndabzala kuseri kwa nkhokwe. Zofunika: manyowa, mpanda wa minga, madzi. Madziwo ndiye ali kumjigo kutali uko. Ndalamula amuna anga, a Che Jafali, kuti azitawazira paduwa pomwepo, kusamba kwawo kuja asanaswali, kasanu patsiku. Swala ipite kwa Mulungu, madzi apite kumizu.

Lachitatu
Masamba agwa mapewa ngati mkamwini woopa khasu. Dzuwa likangokwera, mthunzi wa nkhokwe umathawa. Ndakhoma timitengo tinayi. Nsalu yotambalala m'nyumba muno ndi imodzi yokha, yachipani ija. Ndayala pamwamba.

Lachinayi
Mayi tcheya abwera kudzatitenga kokonzekera magule. Maso awo pansalu, nkhope ya mtsogoleri ili chagada padzuwa, kunsi kwake ndowe za mbuzi. Ndati ndachapa, ndikuyanika. Akuti, "Anzathu amayanika pachingwe." Ndaivala pomwepo, ikutentha ngati chiwaya. Ndavina kutsogolo kuposa atsikana, duwa likupsa kunyumba.

Lachisanu
A Che Jafali akana. Akuti munthu wandevu sangamanjute pamaso pa udzu kasanu patsiku, ana akuseka. Akatawaza kumzikiti. Ndathira madzi otsukira mbale.

Loweruka
Masamba awiri. Abiti Mussa apafupi akuti ndithire phulusa. Mkazi wa aphunzitsi akuti azungu amalankhula ndi maluwa awo. Ndalilankhula. Zimene ndanenazo sizolemba.
Madzulo: tsamba limodzi.

Lamulungu
Asebele afika, apeza kamtengo kouma mkati mwa mpanda. Ayang'ana, osaseka, ndipo zandiwawa kuposa akanaseka. Kenako amasula mtolo: zitsinde zina khumi! Asiyatu anawauza kuti ndimalikonda kwambiri.
"Musadandaule asebele, kwathu limangomera lokha kuseri kwa chimbudzi. Pa Khirisimasi ndidzabwera kudzaona."
Ndathokoza ndi manja awiri. A Che Jafali atuluka mwakachetechete.
Khasu lili pati kodi?