Atambala Osadziwa Malire

Pali mudzi wina kwa Maganga umene mpaka lero ndikamadutsa ndimatsitsira chipewa kumaso.

Inali nthawi ya makadi a chipani, ine nditangolembedwa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndikadali pa miyezi yoyesedwa. Ndinali nditachitako kakosi ka kauniuni wa zitukuko, ndipo mutu unali utakula. Anatiphunzitsa kuti ukafuna kudziwa ngati chitukuko chikuthandiza, uyerekeze amene alandira ndi amene sanalandire. Ndiye atabwera atambala akuda a mtundu wa mikolongwe oti akweze mtundu wa nkhuku zakumudzi, ndinachita maere khomo ndi khomo, ili lilandire, loyandikana nalo ayi. (Amene maere anawakana anasiya kundipatsa moni, koma sindinatekeseke.)

Anapiye atakula ndinazungulira ndi sikelo kuyeza nkhuku za magulu onse awiri, n'kupeza kulemera kwa pakatikati. Magulu aja anafanana ndendende. Ndinabwereza masamu, osasintha.

Pamsonkhano womva zotsatira m'mudzimo panali abwana anga ochokera kuboma komanso atcheyamani a chipani. Ndinaimirira tayi ili pakhosi.

"Manambala sanama," ndinatero. "Atambalawa palibe chimene athandiza."

Masiku amenewo ukanena kuti chinthu cha boma n'chopanda phindu, ntchito inkatha, mwinanso iwe mwini n'kusowa. Atcheyamani anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Mwanawe, tabwereza tikumve bwino."

Ndisanatsegule pakamwa, chitambala chakuda cha a Nachisale, amene analandira, chinadutsa pakati pathu chili paliwiro, kuthamangitsa thadzi la a Nabanda, amene sanalandire. Chinaligwirira pafupi ndi mpando wa abwana, n'kumaliza ntchito yake tonse tikuona.

"Alangizi," anatero abwana mwaulemu woopsa, "thadzili mwaliika gulu liti?"

Anthu anaseka mpaka ena kugubuduka pamphasa. Atcheyamani anachita kupukuta misozi, ndipo phwete limenelo ndi lomwe linandipulumutsa. Apa m'pamene ndinaona kuti nkhuku za m'mudzi monse zinali zakuda ngati atambala aja. (Ndinali nditazinyamula ndekha imodziimodzi, koma maso anali pasikelo.)

Ntchito sanandichotse, anangondiwonjezera miyezi yoyesedwa. Manyazi ndinachita, sindikana. Koma masamu anga analibe vuto ngakhale pang'ono, ndipo mu lipoti lotsatira ndinapempha kuti ulendo wina atambala osamverawo azimangidwa mwendo. Abwana sanayankhe mpaka anapuma pantchito.