A Bizwick ndi Minda Yopanda Anthu

A Bizwick, mzimu wawo uuse mumtendere, ankakangana ndi zithunzi. Eetu, zithunzi za pakhoma! Tinkagwira limodzi ntchito pachipatala china ku South Bend, kuno kunja, ndipo m'makhonde monse munali zija amakonda kujambula azungu: dambo lobiriwira, phiri chapatali, mitambo, koma munthu ayi.

"Tusekele, taona," ankandiimitsa pakati pa shifiti. "Nthaka yonseyi, osaunga mzere ngakhale umodzi! Eni ake ali kuti?"

"Ndi chithunzi chabe, ankolo."

"Chabe chiyani? Mudzi ukati zii chonchi, ndiye kuti anthu apita kumaliro."

Tsiku lina tinawadiraivira ku Indianapolis kukaona zojambula zakalekale. Mayi wotionetsa anafotokoza kuti ojambulawo ankafuna kuti munthu aone ukulu wa chilengedwe, adzione kuchepa. A Bizwick anavomera ndi mutu mwaulemu, kenako n'kufunsa ngati pamathithi a m'chithunzimo pali pochapira. Ine manyazi, ndinasowa poloza maso.

Atabwerako anayamba kugula zithunzi zapakaunjika n'kumazikonza ndi penti. M'munsi mwa phiri la chipale chofewa anaikamo mayi atasenza nkhuni. Pamlatho, wakabaza. Mbuzi zawo zinkangokhala ngati agalu, koma ukaseka ankakujambulamo iweyo, mutu ngati dzungu.

Tinkaseka, komatu mantha awo tinkawadziwa. Panatha zaka makumi awiri asanapondeko kwawo ku Neno, ndipo ankaopa kudzaikidwa kuno popanda anthu. "Kuno aliyense ali pashifiti," ankatero. "Adzandiperekeza ndani ine?"

Matenda atawagwetsa, anatuma akazi awo, a Magdalene, kukagula chithunzi china: kanjira kodutsa m'munda wa tirigu. Burashi inawapulumuka m'manja asanajambulepo kanthu. Sanathe sabata.

Abale inu, pamaliro awo anthu anabwera! Akwathu okhala ku Lawrence, ku Speedway, ena atasinthana mashifiti, ena osatsanzika n'komwe kuntchito. M'tchalitchi munasowa poponda, tinaimba mpaka mawu kusasa. Ndinkangoti mumtima, akanadzuka kamphindi kokha aone.

Masiku ano m'makhonde muja ndimadutsa nditawerama, chifukwa zimandiwawa. Sabata yatha ndinapita kukazonda a Magdalene, ndipo ndinapeza chithunzi chija chili pakhoma, kanjira kali mbee. Ndinawapempha burashi kuti ndijambulemo kamunthu, ngakhale kamodzi kokha.

"Chisiye, mwanangu," anatero. "Anthu ake apita kumaliro."