Mphuno ya a Zakeyu ndi Kompyuta Yokhosomola

Malemu a Zakeyu Kamwendo, aja ankatayipa makalata kuseri kwa msika wa pa Boma, sankagula chida cha kompyuta asanachinunkhize. Zoona abale, ndi mphuno yeniyeniyi! Ankati wogulitsa amanama, bokosi limanama, koma chida chimene chinapsapo sichibisa fungo.

Kompyuta yawo inali yakalekale, yokhosomola. Masana ntchito ikachepa ankaseweramo mpira ndi mnzawo wa golosale, a Fadili, ndipo zaka zitatu zathunthu a Zakeyu sanapambanepo ngakhale kamodzi. Akati amenye chigoli, osewera onse ankangouma gwa pa sikirini.

"Si ine, ndi makinawa," ankatero. "Ndikangowakonza muona, achimwene."

Kugula yatsopano sakanatha, ndiye anayamba kusaka zida zotchipa. Mkulu wina wa ku Chipata anabwera ndi khadi yothamangitsa zithunzi, ili m'bokosi lonyezimira.

"Yanyuwani iyi, madala, sinagwirepo ntchito."

A Zakeyu anaifikitsa kumphuno. "Nanga bwanji ikununkha kapenta?"

"Zinali m'chikwama chimodzi."

"Kagulitseni kwa amphaka."

Fani ina anaibweza ati ikuzungulira mwakachetechete kwambiri, ndiye kuti ikubisa kanthu. Memole yofulumizitsa kompyuta imene mlamu wawo anawatumizira kuchokera ku Lilongwe anaitsekera m'botolo miyezi iwiri, m'mawa uliwonse kuiyang'ana ndi diso la wapolisi. Ine, mmodzi wa otayipitsa makalata kwa iwo, ndinkapsa nazo mtima, kunena zoona, poti makalata athu ankachedwa ndi makina omwewo.

Anawatha ndi akazi awo, a Esitele. "Bambo, memoleyo ilibe mlandu. Mukuopa kuti makina akachira musowa chonamizira."

Aaa, zinawalasa. M'mawa mwake anatsegula botolo, kununkhiza memole ija katatu, n'kuiika m'kompyuta.

Masana a tsikulo tinadzazana mpaka pakhonde. Osewera ankathamanga bwinobwino, opanda kuuma. Mphindi yomaliza a Zakeyu anamenya, mpira n'kulowa. Thuu wani! Tinakuwa mpaka amayi a tomato anabwera kudzaona. Eni ake osaseka n'komwe, angoti maso tong'o pa a Fadili.

"Mwandilekerera."

"Wallahi, achimwene, mwandiposa!"

"Goloboyi wanu wagwera dala kumanzere. Mwandimvera chisoni, ndakuonani. Loweruka tibwereze, ndipo musewere ngati mwamuna."

Lachinayi a Zakeyu anangoti mutu, mutu. Loweruka limenelo tinali kumanda.

Kuseri kwa msika kuli zii masiku ano, ndipo ine ndimawasowa koopsa. Kompyuta ija a Esitele anaifunditsa chitenje. A Fadili sanasewerenso mpira, koma akakumana ndi aliyense amene analipo tsiku lija, amamugwira dzanja osalisiya.

"Inu munaona, eti? Ndinasewera ndi mphamvu zanga zonse. Anandigonjetsa zenizeni munthu uja, ndipo wapita osakhulupirira."