Pholo la magetsi kuchikamwini

Mukadutsa pamsewu wa kwathu ku Nazombe lero muona mawaya a magetsi ali ndondondo. Mwa mapolo onsewo lilipo limodzi lomwe ine ndimalidziwa kulemera kwake, ndipo ndikafika pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Zinachitika zaka zija matipate atangoyamba. Zinali zaka zokoma, abale. Wofuna voti aliyense ankabwera ndi lonjezo lake, wina mjigo, wina mlatho. Tsiku lina lole inadzatsitsa mapolo akuda onunkha phula m'mbali mwa msewu. Pawailesi ankati anthu achuma akunja akubwera kudzawonjezera magetsi, mdima utha m'dziko muno. Ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse (masiku amenewo wailesi ikanena, ife tinkati basi zachitika).

Ndinali mkamwini kwawo kwa akazi anga, amake Dalitso. Munda wa eni, malo a nyumba a eni. Changachanga chinali njinga yomwe ndinkapikulira mpunga kuchigwa. Chomwe ndinkalakalaka n'chakuti apongozi anga aakazi aone kuti mwana wawo sanatole munthu wamba. Ndiye ndinagulitsa njingayo n'kugula firiji yakale kwa wagolosale wina pa Boma.

"Bambo a Dalitso, mbereko mwagula, nanga mwanayo ali kuti?" anafunsa akazi anga.

"Wagona pamsewupo," ndinayankha. "Akadzuka inu muzigulitsa mafirizesi kusukulu, madzi muzimwa ozizira."

Chisankho chinadutsa. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, mapolo ali chigonere. Amayi ankakhalapo podikira matola, mbuzi zinkasewerapo. Firiji ija akazi anga ankasungamo mbewu ya nandolo, ati anankafumbwe salowamo. Ine kumunda ndi kumsika komwe ndinkayenda wapansi.

Kenako inamveka mbiri yoti amagetsi akubwera ndithu. Apa ndi pomwe ndinaona vuto: nyumba yathu inali kutali ndi msewu, kuseri kwa dambo. Ndinawadandaulira alamu anga a Wisikesi, achimwene awo a akazi anga, munthu wosasowa yankho.

"Alamu, chitukuko cha masiku ano n'chodzithandiza," anatero. "Sukulu ija si tinaumba njerwa tokha, boma n'kungobweretsa malata? Imikani pholo panyumba panu. Akalipeza laimaima kale, iwo angokoka waya. Ndani safuna kupeputsidwa ntchito?"

Zinandimveka (mpaka lero, ndikaziganiza mofatsa, zimandimvekabe pang'ono). Sitinkaona ngati tikuba ayi. Tinanyamula limodzi la mapolo a pamsewu aja masanasana, anthu akutipatsa moni. Tinakumba dzenje pabwalo, tinaliimika, tinatsindira ndi miyala. Ndinayamba kuyenda mokweza mapewa, kuiwala kuti mkamwini asamakule mwendo.

Amagetsi atabwera anapeza kuti pholo limodzi palibe. Sanavutike kufufuza, poti mudzi wonse unaloza kwathu, monyadira. Kapitawo wawo anaima pabwalo, kuyang'ana pholo, kuyang'ana chingwe choyanikira zovala chomwe akazi anga anamangapo.

"Bambo, ili lafika bwanji kuno?"

"Tadzithandiza, bwana. Inu mungokoka waya."

Anzake anaseka mpaka kukhala pansi. Iye sanaseke. Anati mawaya adutsa mumsewu basi, kupita kuchipatala ndi kuchigayo, ndipo ife tisankhe: kulibweza pholo momwe tinalitengera, kapena tikafotokoze za chitukuko chathucho kupolisi.

Tinalizula. Pobwerera linalemera kuposa popita. Ine kutsogolo, a Wisikesi kumbuyo, anthu akutiperekeza ngati tanyamula maliro. Titafika pakanjira kopapatiza ka pakati pa dambo, ndinangoona apongozi uko akubwera, mtolo wa nkhuni pamutu.

Kwathu mkamwini sakumana ndi apongozi ake maso ndi maso. Ukawaona umapatuka, ukanjute patchire mpaka adutse. Miyendo yanga inakumbuka mwambo, koma inaiwala zomwe zinali paphewa. Ndinakhotera kumanzere mwaulemu wonse. Pholo linazungulira, n'kuwakankha a Wisikesi, iwo thibu m'matope. Mbali yawo itagwa, yanga inandinyamula n'kundigwetsa chagada m'munda wa mpunga wa eni. Dambo lonse linali phwete. Kunena zoona ndinalakalaka matopewo atangondimeza.

Apongozi anatula nkhuni. Anatembenuka kundipatsa msana, monga mwa mwambo, n'kulankhula ndi mwana wawo yemwe anali m'gulumo atagwira pakamwa.

"Amake Dalitso, auzeni abambowo adzuke. Ndipo inu nonse mukusekanu, ndani wa inu anasenzapo mtengo wa boma kuti mkazi wake amwe madzi ozizira? Nzeru alibe, koma mwana wanga amamufuna."

Phokoso linatha. Amuna angapo analowa m'matope kudzatithandiza, pholo linakafika pamsewu. Madzulo ake kunyumba kunabwera mbale ya nkhuku yochokera kwa apongozi, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo chikwatirireni.

Magetsi anayaka pamsewu, ndipo ngakhale kumeneko ankazima kawirikawiri, ati madzi achepa mumtsinje. Kuseri kwa dambo sanafike. Apongozi anatisiya osagonapo m'nyumba ya babu, ndipo ine ndimawasowa kwambiri. Pa moyo wanga wonse palibenso wina amene anandinyoza ndi kundiyamikira pakamodzi ngati mayi amene aja.

Phunziro ndinalitola: munthu uzidikira waya ufike kaye. Koma posachedwa wailesi yatinso achuma akubwera ndi magetsi a dzuwa, ndipo dzulo akazi anga anandipeza ndili padenga ndikupima ndi mapazi.

"Tsikani," anatero. "Amayi okuikirani kumbuyo aja kulibenso."