Therere la Kuseri kwa Nyumba

Lolemba
Mbande 40 za maluwa a holihoki zachoka m'machubu, zalowa m'nthaka kuseri kwa nyumba. Miyezi iwiri ndikuzilera. Loweruka kukubwera mayi oyang'anira loji ina ya cha ku Makokola kudzaziona. Akazikonda, ntchito yobzala maluwa pa loji yonseyo ndi yanga. Zofunika:
- madzi
- manyowa
- anthu a pakhomo pano asakhudze kanthu

Digiri yanga ya zaulimi yagona mokwanira m'sutikesi. Mangochi asinthe basi!

Lachiwiri
Dzuwa. Pofika 10 koloko mbande zonse zagona ngati sanza zonyowa. Mchenga ukumwa ndowa zisanu ndi imodzi osathokoza n'komwe. Zafa 7. Zotsalazo ndaziphimbira ndi udzu wouma.
Amayi: "Zimabala chiyani?"
Maluwa.
"Ndiye kenako?"

Lachitatu
Udzu kulibe! Amayi asesa m'mamawa, pansi pali mbee, mizere ya tsache yokhayokha. "Pakhomo pa munthu sipakhala zinyalala. Ukufuna kutiitanira njoka?" Ndafotokoza za chinyezi bwinobwino, monga tinaphunzirira. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako andituma kuchigayo.

Lachinayi
Mbuzi za amjomba. Zitatu. Mbande zatsala 19. Amjomba akuti mbuzi zawo sizidya zinthu wamba, ndiye ndinyadire. Ndamanga mpanda ndi ukonde wawo wakale. Khomo lonse likununkha usipa, amphaka a m'mudzi muno abwera kudzayendera.

Lachisanu
Alendo ochokera ku Malindi, atangotuluka ku mapemphero a Juma. Asanu ndi atatu, osanena. Ndiwo zachepa. Ine ndili kumsika kogula chingwe cha mpanda. Azakhali, mmodzi wa alendowo, azungulira kuseri, aona masamba, atikita tsamba limodzi ndi zala, likuterera. Athyola onse. Soda pang'ono, tomato.
Ndadya mbale ziwiri ndisanadziwe.
Azakhali: "Therere lakoli n'labwino, mwanawe. Sukulu sinapite pachabe."
Alendo apempha mbewu.

Loweruka
Mayi a kuloji afika 9 koloko yeniyeni, pa galimoto. M'kati mwa ukonde muli timitengo 19 tili chilili, popanda tsamba ndi limodzi lomwe. Ndawaonetsa pa foni mmene holihoki amaonekera akakula: aatali kuposa munthu, ofiira, oyera, apinki. Ayang'ana foni. Ayang'ana timitengo. Afunsa ngati fungolo ndi la maluwawo.
"Mudzandiimbire akadzaphuka."
Galimoto yapita. Fumbi.

Lamulungu
Sindinathirire. Athirira ndi Amayi, ndowa zinayi, popanda wowauza. Akonzanso mpanda, mbuzi ya amjomba yalandira mwala. Azimayi atatu oyandikana nafe abwera kudzafunsa kuti masamba aphukanso liti. Amayi awauza kuti pakatha masabata awiri, ndipo azibwera ndi mbale zawo.
Ndapempha kuti mwina tisiyeko mtengo umodzi, umodzi wokha, ufike pochita maluwa.
Amayi akuti tiona. Zitengera alendo.